Khadi ya OC

Pa boma la Mwanza, cha kuseri kwa msewu wopita ku boda, panali nyumba ya a Smart Kaliwo, ndipo inali nyumba yabwino. Sindikunena za malata kapena penti ayi, ndikunena za anthu ake. A Kaliwo anali mkulu wa mpingo, ndipo ntchito yawo inali yokonzera madalaivala a mathiraki mapepala a katundu pa boda. Akazi awo, Mayi Catherine, ankaphunzitsa ku pulayimale. Ana analipo awiri: Godwin, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi amene anali atangokhoza mayeso a Fomu 4, ndi mlongo wake wamng'ono Tinenenji. M'mawa uliwonse banja lonse linkagwada pabalaza lisanakhudze tiyi.

Kuseri kwa ofesi ya a Kaliwo ku boda kunali kachipinda kosungiramo katundu. Madalaivala ochokera ku Joni amanyamulirako anthu timaphukusi, ndipo thiraki ikakhala masiku awiri atatu pamzere kudikira mapepala, ankasiya timaphukusito m'kachipindamo kuopa akuba. Makiyi ake ankasunga a Stafford, bambo wofatsa wa ku Nthache. Zaka khumi ndi ziwiri akugwira ntchitoyo, ngakhale singano sinasowepo. Koma aliyense ankadziwa mmene zimakhalira pa boda: kanthu kakasowa amafunsa wosunga makiyi, ndipo anthu a pa boda safunsa ndi pakamwa. Moyo wa a Stafford unali pa makiyi amenewo.

Godwin anali ndi kompyuta yakale ya mu ofesi ya bambo ake, imene anaikonzakonza yekha mpaka inayamba kusewera magemu. Mutu anali nawo mwanayo, zimenezo tisamunamizire. Koma gemu imene inamulowa m'magazi inali yowomberana mfuti pa intaneti, kusakana m'mabwinja a pa sikirini ndi anyamata a ku Blantyre, a ku Lilongwe, ena a ku Tete. Chomuvutitsa chinali khadi ya zithunzi, chipangizo cha m'kati mwa kompyuta chimene chimayendetsa zonse zooneka pa sikirini. Yake inali yokalamba. Nkhondo ikafika povuta zithunzi zinkadukiza, kuima nji, ndipo zikamayambanso kuyenda msilikali wake anali atagona kale m'magazi, anzake akumuseka m'makutu.

Tsiku lina masana anamupha kachisanu motsatizana. Anazula kiyibodi naimenyetsa kukhoma, mabatani balala pansi. Tinenenji ankadutsa pakhomo ndi mbale, ndipo anangoseka pang'ono, kuseka kwa mwana. Godwin anamulumphira namupatsa mbama yoti mbale zonse zinasweka, mlomo wa mtsikanayo nung'ambika.

Mayi Catherine anathamangira m'nyumba, nagwira dzanja la mwana wawo lili m'mwamba kufuna kubwereza.

"Godwin, dzanja ili ndinkalisambitsa ine uli kakhanda. Lero likutulutsa magazi a mlongo wako chifukwa cha zidole za pa galasi?"

"Si zidole, amayi. Khadi yofoirayi ndi imene ikundiphetsa."

"Palibe amene wakupha iwe. Amene akutuluka magazi ndi uyu. Taona. Mtima umenewu ukapanda kuugwira, udzavulaza munthu woti sudzatha kumupepesa."

A Kaliwo anamulanda chingwe cha kompyuta kwa sabata yathunthu, namugwaditsa pamaso pa mlongo wake. Koma iwo anali munthu wosaphwanya lonjezo. Anali atanena kale kuti akakhoza mayeso adzamugulira khadi yatsopano, ndipo Lamlungu lotsatira, atabwerako kutchalitchi, anamuitana pakhonde kuti awaonetse imene akufuna. Godwin anatulutsa foni naonetsa zithunzi za makhadi awiri.

"Onse awiriwa ndi a OC, adadi."

A Kaliwo anatsitsa magalasi. "A OC? Akulu a polisi athu aja ayamba kugulitsa zimenezi?"

Ngakhale Tinenenji, mlomo uli chitupire, anaseka.

"Ayi, adadi, si OC wa kupolisi. Zilembo zimenezi zikakhala pa bokosi, ndiye kuti khadiyo anaikankha kale liwiro ku fakitale komweko, imathamanga kuposa inzake wamba. Iyi ili ndi mafani awiri oiziziritsa. Iyi ili ndi atatu. Imeneyi ndiye chilombo."

Bambowo sankadziwa za makompyuta, koma kufunsa mafunso inali ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

"Ya mafani awiriyo, gemu yako iyenda?"

"Iyenda."

"Osadukiza?"

"Osadukiza."

"M'bokosi la kompyuta yako ilowa?"

"Ilowa."

"Nanga ya atatuyo?"

Godwin anakanda m'mutu. Anavomera monyinyirika kuti inali yaitali kuposa bokosi lake ndi zala zitatu, kuti inkadya magetsi ochuluka kuposa amene pawa sapulayi yake, kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta, ikanatha kupereka, ndiponso kuti mtengo wake unali wowirikiza.

"Ndiye wasankha kale, mwananga," anatero a Kaliwo. "Ine ndimaona mathiraki tsiku lililonse. Imene yasenza kupyola muyezo wake timakaitola m'phompho. Titenga ya awiriyo. Ndiwauza a Haidar, dalaivala wa thiraki ya ku Joni, abwere nayo ulendo wa kumapeto kwa mwezi. Chimene chikukwanira, chilandire ndi manja awiri."

Godwin anathokoza ndi pakamwa. Mumtima munali mafani atatu okhaokha.

Pa boda panali mnyamata wina dzina lake Jeremy, wosintha ndalama, wamkulu kwa Godwin ndi zaka zingapo. Nayenso ankasewera gemu yomweyo, ndipo anali ndi lilime lotha kukuchititsa manyazi ndi nsapato zimene wangogula lero. Atamva za chisankhocho anaseka mpaka kugwira mawondo.

"Mafani awiri? Aise, imeneyo ndi ya ana a ku nazale. Anyamata a ku Blantyre adzakudya osasamba m'manja."

"Adadi akana inayo."

"Adadi, adadi. Ndevu zikumera koma ukusankhiridwabe zinthu ngati yunifolomu."

Mawu amenewo anamutsatira Godwin mpaka kunyumba. Anayamba kuyankha amayi ake mokalipa, kumenyetsa zitseko, ndipo popemphera m'mawa ankatseka maso n'kumaona mafani atatu akuzungulira.

Lachitatu lina Jeremy anamukokera kuseri kwa thiraki ina. Anati a Haidar, dalaivala wakale uja, angofika kumene kuchokera ku Joni ndi timaphukusi ta anthu, ndipo iye waona ndi maso ake a Stafford akulowetsa m'kachipinda muja bokosi lokhala ndi chithunzi cha mafani atatu. Linali la munthu wina wa ku Blantyre.

"Ndiye?" anafunsa Godwin, ngakhale anali atamva kale.

"Ndiye bokosi limayenda ndi kulemera kwake, aise. Dalaivala akalinyamula n'kumva kuti likulemera, basi. Theka la njerwa, nyuzipepala, selotepi. Mwini wake akakatsegulira ku Blantyre adzati amubera ku Joni. Maboda ndi angati panjira? Ndani angaganize za Mwanza?"

"Nanga a Stafford?"

"A Stafford atani? Palibe adzawakhudze. Iwe utenge chilombocho, ya awiri ija ikadzabwera udzandipatse ine. Tonse tidye."

Godwin anadziwa kuti n'kuba. Tisamuchepetsere mlandu ponena kuti anapusitsidwa ayi. Anadziwa, ndipo anapita kukatola theka la njerwa kuseri kwa chimbudzi naliponya m'chikwama chake.

Masana a tsiku lomwelo anakakhala mu ofesi ngati wothandiza kujambula mapepala. A Kaliwo anali ku maofesi a kasitomu. A Stafford anali pakhomo akusenda nachesi, ndipo anamugawira theka. Posakhalitsa foni yawo inalira.

"A Godi, bwana akufuna mapepala awa msanga. Tagwirani makiyiwa, ndibwera pompano. Wina akafuna katundu wake adikire."

Anamupatsa makiyiwo m'manja osatembenukanso, ngati akupatsa mwana wawo. Godwin analowa m'kachipindamo. Anadula selotepi ndi lezala, natulutsa khadi yakuda, yolemera, ya mafani atatu. Anakulunga njerwa ija m'nyuzipepala, naiika m'bokosi, namata bwinobwino. A Stafford pobwera anapeza makiyi ali patebulo, mnyamata akuti mutu ukumupweteka, akupita kunyumba.

"Pepani, mukamwe madzi ambiri," anatero a Stafford. "Dzuwali si labwino."

Kunyumba kunalibe makolo. Godwin anatsegula kompyuta yake nayesa kulowetsa khadiyo, koma inakana, monga mmene iye mwini ananenera pakhonde paja. Anapsa mtima. Anatenga sowo yodulira zitsulo nayamba kucheka chitsulo cha m'kati mwa bokosilo, kenako kuchipinda ndi pulayala, mpaka chinamucheka chala magazi n'kudonthera pa mawaya. Anaikankha khadiyo mwamphamvu, mbali yake n'kukalika, koma inalowa.

Atatukula mutu anaona Tinenenji ali pakhomo, chikwama cha kusukulu chili kumsana.

"Achimwene, imeneyo ndi ya mafani atatu. Adadi anati ya awiri."

Anamugwira mkono naupotokola kumbuyo mpaka mtsikanayo anagwada, namukanikiza nkhope pa simenti.

"Ukangotsegula pakamwa ndikuthyola mkono umenewu. Wamva?"

"Ndamva, achimwene. Ndisiyeni, mukundipweteka."

Anamukankhira kunja natseka chitseko. Kenako anayatsa kompyuta. Mafani atatu aja anazungulira, timagetsi tofiira n'kuyaka, ndipo gemu inatseguka ikuyenda myaa ngati madzi. Godwin anapha adani atatu motsatizana, akukuwa yekha m'chipinda. Chisangalalo chonsecho sichinakwane mphindi khumi. Nkhondo itafika potentha, khadi ikukoka magetsi onse, panamveka phuu m'kati mwa bokosi, sikirini n'kuda bii. Fungo la pulasitiki yopserera linadzaza chipinda. Pawa sapulayi inali itaphulika, ndipo popita inatenga khadi yomwe. Pamene panalowa waya panali patasungunuka.

Anaizula, naipukuta, naipemerera, naigwedeza. Inali yakufa. Kuibweza m'bokosi la mwini wake kunali kosathekanso. Anaikulunga m'malaya akale naiponya pansi pa bedi. Chomutonthoza chinali chimodzi: bokosilo likatsegulidwira kutali, ku Blantyre.

Silinakatsegulidwire ku Blantyre. Mwini wake, bambo wina dzina lake Melvin, anatopa n'kudikira kuti thiraki ituluke pamzere. Lachinayi m'mawa anayendetsa galimoto yake mpaka ku Mwanza kudzatenga yekha katundu wake. Godwin anali mu ofesi, a Kaliwo atapitanso ku kasitomu. A Haidar anasaina, a Stafford anatsegula kachipinda natulutsa bokosilo, ndipo a Melvin, ndi chimwemwe chonse, analitsegulira pomwepo pa boneti ya galimoto. Anafunyulula nyuzipepala. Anatulutsamo theka la njerwa.

"Ichi n'chiyani? Ine ndinagula khadi ya OC, inu mukundipatsa njerwa?"

"Bwana, ine ndanyamula bokosili lomata kuchokera ku Joni," anatero a Haidar.

"Nyuzipepala iyi ndi ya ku Joni? Taonani, ndi ya kuno, ya sabata yatha. Khadi ya OC ili kuti? Ndikufunsa, khadi ya OC ili kuti?"

Apa ndi pamene zinthu zinasokonekera, ndipo zinasokonekera pa kamawu kamodzi. M'kalankhulidwe kathu, "ya OC" ndi "ya a OC" zimamveka chimodzimodzi. Mayi wina wogulitsa manachesi anamva, nauza wakabaza amene anali pafupi kuti khadi ya a OC yabedwa mwa a Kaliwo. Wakabaza anauza osintha ndalama kuti ndi khadi ya ku banki ya akulu a polisi. Pofika kumapeto kwa mzere wa mathiraki nkhani inali yakuti wakuba wina wasolola katundu wa a OC. Ndipo onse amene amadyera pa boda opanda pepala, osintha ndalama, akabaza, ogulitsa tchipisi, onyamula katundu, anaganiza chimodzi: katundu wa munthu wamkulu chotere akasowa, apolisi adzasesa aliyense pamalopo, ndipo ana awo adzagona ndi njala. Anati kuli bwino wakubayo apezeke apolisi asanafike.

Anabwera mothamanga, khamu lonse. Wina anafunsa kuti makiyi amasunga ndani, ndipo makiyiwo anali akadali m'manja mwa a Stafford.

Wakabaza wina wamtali anawagwira pakolala nawamenya mutu pamphuno. Wina anawatchera mwendo. Anagwa chagada pafumbi, makiyi n'kugwera uko. Panabwera mateche, malamba, thabwa la pa benchi. A Haidar anayesa kulowa pakati koma anawakankhira pa galimoto. A Melvin, nkhope itasintha, ankakuwa kuti dikirani, si zimenezo, koma palibe anawamva. Wina anawatsomphola njerwa ija m'manja.

Godwin anali ataima pakhomo la ofesi. Anamva mpweya wa munthu pakhutu pake. Anali Jeremy.

"Ukatsegula pakamwa, tayala limene akuligudubuza apolo ndi lako. Khala phee."

A Stafford anadzuka n'kugwada, magazi akutsika m'mphuno mpaka m'malaya, diso limodzi litatsekeka. Anayang'anayang'ana m'khamumo mpaka anamupeza Godwin. Iwo ankadziwa bwino lomwe munthu amene anagwira makiyi dzulo lake. Sanamuloze chala. Anangoti:

"A Godi, tawauzeni anthuwa kuti ine si wakuba. Inu mumandidziwa."

Khamu linatembenuka kuyang'ana mwana wa mwini ofesi. Kwa kamphindi manja onse anaima. Mawu amodzi akanakwanira. Godwin akanati OC si munthu, akanati dikirani adadi abwere, akanati ndine. Godwin anayang'ana tayala, nayang'ana pansi.

"Ine sindikudziwa kanthu. Makiyi amasunga iwowo."

Zimandipweteka kufotokoza zimene zinatsatira. Njerwa ija, imene Godwin anaitola yekha ndi kuikulunga ndi manja ake, inatsika pamutu pa a Stafford, kuseri kwa khutu. Anagwa chafufumimba. Anthu sanaleke. Ankawaponda m'nthiti, kuwakoka mwendo pa miyala, kuwafunsa kuti khadi ili kuti munthu woti sakuyankhanso. Wina anawaveka tayala m'khosi, wina akupopa petulo m'njinga yamoto kuthira m'botolo.

Nthawi imeneyo a Kaliwo anafika akuthamanga, mapepala ali m'manja. Anafunsa mayi wa manachesi uja chimene chachitika.

"Wantchito wanu waba khadi ya a OC."

A Kaliwo anaima. Mu Mwanza monse, anthu odziwa tanthauzo la mawuwo anali owerengeka, ndipo iwo anawaphunzira pakhonde pawo. Anayang'ana bokosi la pa boneti, mafani atatu ojambulidwa. Anayang'ana mwana wawo, chala chomangidwa kansalu, maso akuthawa. Anataya mapepala nalowa m'khamumo ndi mapewa, nadzigwetsa pamwamba pa a Stafford.

"Lekani! OC si munthu, ndi dzina la chipangizo. Munthu uyu sanabe kanthu."

"Akumubisa, agawana," anatero wina.

Thabwa limene linkalunjika a Stafford linapeza mkono wa a Kaliwo, fupa n'kulira thyo. Mwala unawang'amba pachipumi. Magalasi awo anasweka pansi pa nsapato za anthu. Iwo sanasunthe, anangokumbatira mutu wa wantchito wawo, magazi a anthu awiri n'kusakanikirana pafumbi.

Apo ndi pamene pakamwa pa Godwin panatseguka. Magazi a a Stafford sanapatsegule, anadikira a bambo ake. Zimenezi ndi zamanyazi, koma ndi mmene zinalili.

"Ndine. Ndaba ndine. Ili kunyumba pansi pa bedi. Asiyeni adadi."

Khamu silinachedwe kusintha munthu. Anamugwetsa, namukokera pakati pa msewu. Wina anamuponda pachifuwa, wina anatambasula dzanja lake lamanja pa phula nalimenya ndi thabwa katatu, akuti dzanja lakuba lisadzabenso. Anamva zala zake zikuthyoka chimodzichimodzi. Anachotsa tayala m'khosi mwa a Stafford naliveka iye, ndipo petulo anamulowa m'maso ndi m'kamwa. Ankafunsana machesi pamene galimoto ya polisi inafika, mfuti n'kulira kumwamba.

A OC enieni anatsika m'galimotomo. Wosintha ndalama wina, thukuta lili kamukamu, anapita kutsogolo monyadira.

"Bwana, takugwirirani wakuba amene anaba katundu wanu."

"Katundu wanga uti?" anafunsa a OC. "Ine palibe chandisowa."

A Melvin anatukula bokosi lija naloza zilembo ziwiri zimene zinali pakona, nafotokoza kuti ndi chipangizo cha kompyuta, chake, chosewerera magemu. Anthu anayang'anana. Matabwa anayamba kugwa pansi, ndipo amene anali kumbuyo anasungunuka mmodzimmodzi kulowa pakati pa mathiraki. Apolisi anagwira asanu ndi mmodzi pomwepo. Jeremy anali atawoloka kale boda kupita ku Zobwe, ndipo sanaonekenso.

A Stafford sanafike kuchipatala ali moyo. Anatsirizika m'galimoto ya polisi, mutu wawo uli pamiyendo ya a Kaliwo.

Godwin anamumanga dzanja m'chikhakha namutsekera m'chitolokosi kudikira khoti. Madokotala anati zala zitatu sizidzapindikanso. Madalaivala anabwera kudzatenga timaphukusi tawo tonse, ndipo kachipinda kaja kanatsala kopanda kanthu. A Kaliwo anatula pansi ukulu wa mpingo. Mayi Catherine ankabwera ndi chakudya kupolisi, kuchisiya pa kauntala, n'kubwerera. Tinenenji anasiya kudya, akuti akanaulula Lachitatu lija munthu sakanafa, ndipo panalibe wotha kumuchotsa maganizo amenewo.

Patapita masiku atatu maliro ataikidwa, kupolisi kunafika mayi wina wochokera ku Nthache, mutu wometedwa, khanda kumsana, ana ena atatu akumutsata. Anali Mayi Flossie, mkazi wa a Stafford. Sanabwere kudzatukwana. Anapempha wapolisi wa pa kauntala zinthu ziwiri: kuti aone chinthu chimene mwamuna wawo anafera, ndi kuti aonane ndi amene anachiba.

Anatulutsa khadi ija m'kabati ya umboni naiika pa kauntala, yakuda, yokalika, yopserera mbali imodzi. Kenako anabweretsa Godwin. Atangowaona anagwada pa simenti.

"Amayi, ndikhululukireni. Ndinachimwa. A Stafford sanalakwe chilichonse."

"Zimenezo ndikuzidziwa, ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu," anatero Mayi Flossie. "Dzukani. Ine ndabwera kudzafunsa funso limodzi, chifukwa anawa akundifunsa ndipo ndikusowa chowayankha. Chinthuchi chimagwira ntchito yanji?"

Mayiyo analoza khadi ija napitiriza.

"Ndi cha kuchipatala? Chimapopa madzi? Ndiuzeni, kuti ndikawauze kumudzi kuti bambo awo anafera chinthu chakuti."

"Chimathandiza kuti zithunzi zisamadukize," anayankha motsitsa mawu.

"Zithunzi za chiyani?"

"Za masewera."

"Masewera."

Mayiyo anakhudza fani imodzi ndi chala, n'kuizunguza pang'ono. Kamwana kawo ka zaka zisanu kanasuzumira pa kauntala, kakufuna kuzunguza nako, koma anakagwira dzanja.

"Ndiye munasewera?"

"Pang'ono. Chinapsa tsiku lomwelo."

Mayi Flossie anamuyang'ana. Misozi inatsika koma mawu awo sanagwedezeke.

"Kukhululuka ndikapempha Mulungu andithandize, lero sindingathe. Koma anawa sindikawauza zimenezi. Ndikawauza kuti chinali chinthu chofunika."

Anakonza nsalu ya khanda, nasonkhanitsa ana awo, natuluka. Godwin anatsala chogwada, akulira ngati mmene sanalirirepo chibadwire, mpaka wapolisi anamudzutsa kumubwezera m'chitolokosi. Khoti linamupatsa zaka zake za kundende. Amene amakamuona akuti analapadi, ndipo amapemphera ndi akaidi anzake. Tikhulupirire kuti Mulungu anamumva.

Koma inu achinyamata amene mukuwerenga izi, kusukulu kapena kutchalitchi, mverani. Godwin sanasowe kanthu. Anali ndi makolo omukonda ndi khadi yomukwanira ili panjira. Anasirira imene sinali yake, kusirirako kunamubetsa, kubako kunamunamitsa, ndipo bodza lake linapha munthu amene anamudalira. Musasirire chimene sichikukwanirani. Musamvere mnzanu wokuuzani kuti palibe adzadziwe. Ndipo mukalakwa, ululani msanga, wina asanayambe kumenyedwa m'malo mwanu. Kulapa kukhoza kupulumutsa moyo wanu, koma sikudzadzutsa munthu amene anafa inu muli chete.